Chisamaliro cha makanda okhudzidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo m'boma la Angónia

Makanda okhudzidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo ndi ana amene mayi awo ankamwa mowa, kusuta fodya kapena chamba, kapenanso kugwiritsa ntchito mankhwala monga heroin ali ndi pakati. Zinthu zimenezi zimadutsa mu nsengwa n'kulowa m'magazi a mwana. M'boma la Angónia, chigawo cha Tete ku Mozambique, lomwe likulu lake ndi Ulónguè ndipo lachita malire ndi Dedza ndi Ntcheu, zimene zimapezeka kwambiri m'midzi ndi kachasu, masese, fodya ndi chamba. Mfundo yaikulu ya malamulo a dzikolo komanso ya mabungwe a padziko lonse ndi yakuti khanda lotere likulire m'banja, ndipo nyumba yolerera ana ikhale njira yomaliza, ya kanthawi kochepa.

Mmene mwana amakhudzidwira

Mowa ndiwo umasiya chilema chokhalitsa. Dokotala wa ku France, Paul Lemoine, anafotokoza za ana 127 obadwa kwa makolo oledzera mu 1968, ndipo mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle anatcha vutoli Fetal Alcohol Syndrome. Mwana amabadwa wochepa thupi ndi mutu waung'ono. Maso amakhala aafupi, mlomo wam'mwamba wopyapyala, ndipo kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo kamakhala kosalala. Ana ambiri sakhala ndi zizindikiro za pankhopezi, choncho vuto limadzaonekera kusukulu: kuiwalaiwala, kusakhazikika ndi kuvutika ndi masamu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anayerekeza kuti mwa amayi 67 alionse omwa mowa ali oyembekezera, mmodzi amabereka mwana wa matendawa, ndipo padziko lonse ana otere amabadwa pafupifupi 119,000 pachaka. Palibe mlingo wa mowa umene madokotala anautsimikiza kuti ndi wosavulaza mwana wosabadwa. Kachasu ndi woopsa koposa chifukwa ndi wotcheza, ndipo ukali wake umasiyana botolo ndi botolo.

Fodya amachepetsa mpweya wofika kwa mwana, zimene zimachititsa kubadwa masiku asanakwane kapena wosakwana makilogalamu 2.5. Ku Angónia fodya ndi mbewu yogulitsa, ndipo mayi wapakati wothyola masamba a mame ndi manja osavala amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu ngakhale sasuta.

Heroin ndi mankhwala ofanana naye amabweretsa vuto lina. Mwana akabadwa n'kusiya kulandira mankhwalawo, thupi limawafuna. Pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu amayamba kulira mokuwa, kunjenjemera, kuuma thupi, kuyetsemula, kusanza ndi kulephera kuyamwa. Vutoli limadziwika kwambiri m'mizinda ikuluikulu monga Maputo, ndipo mosiyana ndi la mowa, limatha mwana akasamalidwa bwino.

Chisamaliro cha masiku oyamba

Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, a mu 2014 amati wazaumoyo azifunsa mayi aliyense za mowa ndi mankhwala kuyambira ulendo woyamba wa kusikelo, mopanda kumunyoza. Mayi wonyozedwa amasiya sikelo n'kukachilira kunyumba. Amene thupi lake linazolowera mowa sayenera kusiya mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kukomoka. Asiye moyang'aniridwa ndi achipatala.

Mwana akabadwa, mankhwala oyamba ndi mayi ake. Amagonekedwa pachifuwa khungu ndi khungu, atavala chipewa, n'kumangidwa ndi chitenje, njira imene zipatala zimaitcha kangaru. M'chipinda mukhale mopanda phokoso ndi kuwala kwambiri, ndipo aziyamwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Kuyambira mu 1975 zipatala zambiri zimayeza kukula kwa vuto la khanda lomwe thupi lake likufuna mankhwala monga heroin ndi ndondomeko ya Loretta Finnegan. Njira yatsopano imangofunsa zitatu: kodi mwana akuyamwa, akugona, ndipo akutonthozeka akalira? Mankhwala monga morphine amaperekedwa m'chipatala mokha, njira zinazi zikakanika.

Ku Angónia, ana ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku chipatala cha Ulónguè, ndipo zikavuta amapita ku chipatala chachikulu mumzinda wa Tete, mtunda woposa makilomita 200. Akatuluka, amatsatidwa ku sikelo ya ana a pachiopsezo, imene m'Chipwitikizi amaitcha Consulta da Criança em Risco.

Malamulo

Ufulu wa ana ku Mozambique umatetezedwa ndi Lamulo nambala 7/2008. Lamulo la mabanja, lomwe linakonzedwanso mu 2019, limatchula njira zitatu zolerera mwana amene makolo ake alephera: kumuikira womuyang'anira, kumupereka ku banja lomulandira, ndi kumupereka kuti akhale mwana wa banja lina mpaka kalekale. Zonsezi zimadutsa kukhoti, atafufuza a zachisamaliro cha anthu. Paboma ntchitoyi ili m'manja mwa ofesi ya SDSMAS, yoona zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu, pamene bungwe la INAS limapereka thandizo kwa mabanja ovutikitsitsa.

Malangizo a United Nations a mu 2009 amanena kuti ana osakwana zaka zitatu aleredwe m'banja, ndipo umphawi pawokha si chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake. Umboni wina unachokera ku Bucharest, dziko la Romania, kumene kuyambira mu 2000 akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zolerera. Amene anapita ku mabanja asanakwanitse zaka ziwiri anakula bwino m'nzeru ndi m'chikondi kuposa otsala.

Zoyenera m'nyumba yolerera makanda

Khanda likhoza kupita ku nyumba yolerera ngati mayi wamwalira, wadwalika kapena akuika moyo wa mwana pachiswe, ndipo palibe wachibale woti amutenge msanga. Nyumbayo iyenera kukhala yolembetsedwa ndi boma ndiponso yoyenderedwa, nthawi zina mosadziwitsa. Ana akhale m'timagulu tating'ono, aliyense ndi womulera wodziwika amene sasinthasintha, popeza khanda lokhudzidwa ndi mowa limavuta kutonthoza ndipo limakhazikika ndi manja amene lawazolowera. Olera aphunzitsidwe kudyetsa mwana woyamwa mofooka, kuzindikira kukomoka, ndiponso kuti khanda siligwedezedwa mwaukali ngakhale litalira usiku wonse.

Mwana aliyense akhale ndi kaundula wake: kulemera, katemera, zotsatira za HIV ndi chindoko, mayina a abale ndi mudzi wakwawo. Mkaka wa m'chitini usungunulidwe ndi madzi owiritsa. Agonekedwe chagada pamalo akeake, kutali ndi utsi. Kuzizira kwa kumapiri a Angónia mu Juni ndi Julayi kumachititsa anthu kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka, zimene zikhoza kupha khanda. Abale aloledwe kumuyendera, ana a mimba imodzi asalekanitsidwe, ndipo nkhani ya mwana iunikidwenso pafupifupi miyezi itatu iliyonse, n'cholinga chomubwezera kubanja.

Thandizo kwa banja

M'midzi ya Angónia mwana sakhala wa mayi yekha. Kwa Achewa a chikamwini, agogo aakazi, mayi aang'ono ndi mwinimbumba ndiwo amayamba kufunsidwa. Kumene mwambo wa Chingoni wa malowolo ukutsatidwa, akuchimuna nawonso amakhala ndi mawu. Wachibale wotenga khanda amafunika mkaka ngati mayi sakuyamwitsa, sopo, zofunda ndi ndalama yoyendera kuchipatala, apo ayi chifundo chake chimatha ndi njala ya Januwale ndi Febuluwale.

Mayi amene akadali ndi mwana wake amalimbikitsidwa kuyamwitsa miyezi isanu ndi umodzi popanda chakudya china, kupatula ngati achipatala aona kuti chiopsezo chaposa phindu. Mowa umalowa mumkaka wa m'mawere, ndipo suchulukitsa mkaka monga ena amanenera. Munthu woledzera asagone mphasa imodzi ndi khanda. Bambo akhale nawo pa uphungu, chifukwa mayi amavutika kusiya ngati botolo likulowabe m'nyumba, ndiponso nkhanza za m'banja ndi matenda a nkhawa nthawi zambiri ndizo zimamukankhira ku mowa. Kumene kutcheza kachasu ndiko kumadyetsa banja, uphungu uyende limodzi ndi njira ina yopezera ndalama, monga geni ya mbatatesi kapena banki m'khonde.

Alangizi a zaumoyo a m'midzi, makomiti oteteza ana, mafumu ndi mipingo ndiwo amaona msanga khanda lonyentchera. Aliyense akhoza kunena za mwana wosasamalidwa poimba nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança. Kuwonongeka kwa ubongo kobwera ndi mowa sikuchira, koma mwana wozindikiridwa msanga, wokulira pakhomo lokhazikika lopanda nkhanza, amakumana ndi mavuto ochepa kusukulu ndi pa moyo wake wonse. Mayi wothandizidwa kusiya mowa, kapena kulera mpaka atakonzeka, amateteza mwana wotsatira ku matendawa kotheratu.