Sukulu ya Baibulo, Kusamba ndi Tsace

Ukapolo unatha m'dziko la Amereka m'caka ca 1865, koma ufulu umene anthu akuda analandira unali wopanda munda ndi wopanda khasu. Amuna ambiri anatsala nalima thonje m'minda ya ambuye ao akale, ndipo akazi amene anasamukira ku mizinda anapeza khomo limodzi lokha lotseguka, ndilo khomo la kuseri la nyumba za Azungu. Kumeneko anali kuphika, kucapa ndi kulera ana a eni, malipiro ali ocepa, nthawi yoweruka yosadziwika. Nchito imeneyi inanyozeka, ndipo oigwira ananyozeka nayo pamodzi, ngakhale pamaso pa akuda anzao amene anaphunzira.

Nannie Helen Burroughs anabadwa m'caka ca 1879 ku Orange, m'cigawo ca Virginia. Amace, amene anabadwira mu ukapolo, anamtenga ali wamng'ono kunka naye ku Washington kuti akapeze sukulu yabwino. Mwanayo sanawacititse manyazi, pakuti m'caka ca 1896 anatsiriza bwino lomwe maphunziro ace pa sukulu yomveka ya akuda ya M Street. Pamenepo anafunsira malo a uphunzitsi m'masukulu a mu mzindamo, koma anamkana. Iye mwini anakhulupirira kuti anamkanira khungu lace lakuda bii, ndiponso cifukwa analibe wacibale wochuka womnenera kwa akulu. Inu amene mwatsiriza sukulu, ndipo mwayendayenda m'maofesi kalata wa mayeso ali m'manja, mudziwa kuwawa kwace. Mtsikanayu anatsimikiza mumtima kuti tsiku lina adzamanga sukulu yaceyace, imene sidzafunsa mwana kuti atate wako ndani.

Atasowa malo kwao, anakalowa nchito ya ukalaliki ku Louisville, m'cigawo ca Kentucky, m'ofesi yoyang'anira zamishoni ya National Baptist Convention, bungwe lalikuru la mipingo ya Baptist ya anthu akuda. Mkuru wa ofesiyo anali Mbusa Lewis G. Jordan. Apa nkhaniyi iyandikira kwathu kuno, cifukwa ofesi yomweyi ndiyo inathandiza John Chilembwe kukhazika mishoni yace ku Mbombwe, ku Chiradzulu, m'caka ca 1900, nitumanso Mai Emma DeLany amene anaphunzitsa akazi a kumeneko kusoka. Ali ku Louisville, Mai Burroughs anasonkhanitsa akazi anchito nayamba kuwaphunzitsa madzulo ataweruka: kuphika, kusoka, kusunga mabuku a ndalama ndi kulemba pa makina. Akaziwo anali kusonkha kandalama pang'ono sabata ndi sabata.

M'caka ca 1900, ali ndi zaka 21 zokha, anaimirira pa msonkhano waukuru wa mipingoyo ku Richmond nadandaula kuti abale alikutsekereza alongo ao kuti asathandize pa nchito. Mau ace anagwira mtima. Pa msonkhano womwewo akazi analoledwa kukhala ndi bungwe laolao, namsankha iye kukhala mlembi. Anagwira udindowo kufikira 1948, pamene anamuika pa mpando. Kwa zaka zambiri anayenda m'mipingo kupempha za sukulu ija, ndipo ndalama zambiri zinacokera kwa akazi osauka, ophika ndi ocapa omwe aja. Potsiriza anagula malo a maekala 6 pa citunda ca Lincoln Heights, m'mphepete mwa Washington, ndipo m'mwezi wa October 1909 inatsegulidwa National Training School for Women and Girls. Caka coyamba ophunzira anafika 31. Pambuyo pace kunadzanso atsikana ocokera ku Afrika ndi ku zisumbu za Caribbean.

Iye anali kunena kuti sukulu yace yaima pa zinthu zitatu, monga mphika pa mafuwa: Baibulo, kusamba ndi tsace, ndiko kuti mtima woyera, thupi loyera ndi nyumba yoyera. Mauwa anakhumudwitsa ena. Masiku amenewo akuda ophunzira anagawanika pawiri. Otsata Booker T. Washington anati mtundu udzakwera ndi nchito za manja, otsata W. E. B. Du Bois anati pafunika maphunziro akuya ndi kumenyera ufulu wonse. Tsono ena anafunsa kuti, kodi mai ameneyu salikukonzera Azungu anchito a m'nyumba? Funsoli silinali lacabe, ndipo sitiyenera kulitaya msanga, cifukwa ambiri a ife tikumbukira masukulu ena amene anaphunzitsa mwana wakuda zokhazo zokondweretsa bwana.

Yankho lace linali lakuti akazi ambirimbiri ali kale m'nyumba za eni, ndipo adzakhalamo mawa ndi mkuja, ophunzira afune asafune. Kucita nao manyazi sikuwaonjezera khobidi. Cimene cingawathandize ndico kuti kuphika ndi kucapa ziyesedwe umisiri, wokhala ndi maphunziro ace, mtengo wace ndi maora ace, monga umisiri wa matabwa. Ndipo poyang'ana zimene anaphunzitsa, tipeza kuti sanaime pa tsace. Atsikana anaphunzira kulemba pa makina, kusindikiza, kusoka, kulima ndiwo zamasamba, ngakhale kukonza nsapato ndi kumeta, nchito zimene anthu anaziyesa za amuna. Anaphunziranso za m'mabuku, ndipo panalibe wotsiriza sukuluyo asanakhoze mayeso a mbiri ya anthu akuda. Ine ndiganiza kuti munthu wofuna kuweta akapolo sayamba ndi kuwauza mbiri ya makolo ao.

Anaonanso kuti luso lokha silikweza malipiro ngati wanchito aima yekha pamaso pa dona. Cotero m'caka ca 1921 anayambitsa National Association of Wage Earners, bungwe la akazi olandira malipiro, pamodzi ndi Mary McLeod Bethune ndi Maggie Lena Walker, mai wakuda woyamba kutsogolera banki m'dzikomo. Linafuna malipiro okwanira ndi mapangano omveka pakati pa wolemba ndi wolembedwa. Bungweli silinakhalitse, pakuti nkobvuta kusonkhanitsa anthu amene ali yense agwira yekhayekha m'nyumba ya mwini.

Mabvuto a sukulu anali a ndalama, monga mwa masiku onse. Anamanga nyumba yocapiramo zobvala za anthu a mu mzinda, yochedwa Sunlight Laundry, kuti sukulu ipeze zace posadikira mphatso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. M'caka ca 1926 moto unaononga nyumba yaikuru, ndipo pofika 1928 anali atamanga ina ya njerwa. Pa zaka za umphawi waukuru wa m'ma 1930 sukulu inatsekedwa kanthawi, koma iye anatsegula zipinda zace kwa anthu osowa nchito a m'dera lomwelo, nayamba nao cigwirizano ca kusoka, kusunga zakudya m'zitini ndi kugulitsa.

Nkhondo yowawa koposa inacokera m'nyumba momwe. Poyamba pomwe Mai Burroughs analembetsa sukuluyo m'manja mwa akulu aceace oisunga, ambiri a iwo akazi. Atsogoleri acimuna a mipingo, amene kale sanaiyese kanthu, ataona kuti yakula anafuna kuti makalata a malowo akhale m'manja mwao. Iye anakana, podziwa kuti mwini malo ndiye adzanena cimene ciphunzitsidwe ndi amene aphunzitse. Mkanganowo unatenga zaka, ndipo m'caka ca 1938 akuluwo anacotsa thandizo lao. Akazi a m'mipingo sanamsiye. Caka cotsatira sukulu inapitirira ndi dzina latsopano, National Trade and Professional School for Women and Girls, iye akali mtsogoleri wace.

Anamwalira m'mwezi wa May 1961, ataiyendetsa zaka zoposa 50. M'caka ca 1964 osunga sukuluyo anaicha dzina lace, naisandutsa sukulu ya ana ang'ono, anyamata ndi atsikana pamodzi.