Kwaya

Mawu akuti kwaya tinawabwereka ku Chingerezi, koma muzu wake ndi Chigiriki, khoros, gulu loyimba ndi kuvina pabwalo. Kwathu amatanthauza anthu oyimba pamodzi atagawana mawu anayi: sopulano, alito, tena ndi besi.

Amalawi ogwira ntchito m'masitolo a ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg, akamva mawuwa amakumbuka kumudzi, kutchalitchi, mwinanso Ndirande Anglican Voices. Mu Johannesburg momwemo muli kwaya ya mtundu wina, yaing'ono, ya oyimba osankhidwa ochepa, monga Chanticleer Singers imene Richard Cock anayambitsa mu 1980. Ine ndimaikonda yotere, chifukwa poti anthu ndi ochepa, wosokoneza nyimbo alibe pobisala.