Mbiri ya Annika Sörenstam, katswiri wa gofu wa ku Sweden

Annika Sörenstam ndi mayi wa m'dziko la Sweden yemwe ali m'gulu la akatswiri a gofu otchuka kwambiri pa dziko lonse. Pakati pa chaka cha 1995 ndi 2008 iye anapambana mipikisano 72 ya bungwe la LPGA, lomwe limayendetsa gofu ya amayi osewera molipidwa m'dziko la America. Mwa mipikisanoyi, 10 inali ikuluikulu yomwe eni masewerowa amaitcha ma major. Amayi awiri okha, Kathy Whitworth yemwe anapambana ka 88 ndi Mickey Wright yemwe anapambana ka 82, ndi amene amamuposa pa chiwerengero cha zikho za bungweli.

Kuno ku Malawi gofu amaseweredwa m'mabwalo owerengeka monga a Blantyre Sports Club, Lilongwe Golf Club, Zomba Gymkhana Club ndi Limbe Country Club. Ambiri odutsa m'mbali mwa mabwalowa amangoona anthu akuyenda pa kapinga, anyamata atasenza zikwama za ndodo pambuyo, koma mawerengedwe ake sawatsata. Mbiri ya Sörenstam singamveke bwino popanda mawerengedwewo.

Ndime imodzi ya gofu imakhala ndi maenje 18, ndipo wosewera amamenya kampira kuchokera poyambira mpaka kakalowe m'dzenje lililonse. Kumenya kulikonse kumawerengedwa, choncho wopambana ndi amene wamenya kochepa. Dzenje lililonse lili ndi chiwerengero chake chomwe katswiri amayembekezeka kumenya, chotchedwa par, ndipo m'mabwalo ambiri maenje onse pamodzi amakwana par 70 mpaka 72. Wosewera akamaliza dzenje atamenya kochepera kamodzi pa par amati wapeza birdie. Mipikisano ikuluikulu imatenga masiku anayi, koma pakatha masiku awiri amene sanachite bwino amatsala, n'kupitirira okhawo amene akwanitsa mlingo.

Ubwana wake

Sörenstam anabadwa pa 9 October 1970 m'dera la Bro, kufupi ndi mzinda wa Stockholm. Ali mwana ankasewera tenisi ndi mpira wamiyendo, komanso ankachita masewero otsetsereka pa chipale. Gofu anayamba ali ndi zaka 12. Ndodo zoyamba zinali za chikwama chimodzi chomwe anagawana ndi mng'ono wake Charlotta: mkulu anatenga ndodo za manambala 3, 5, 7 ndi 9, wamng'ono n'kutenga zotsalazo. Charlotta nayenso anadzakhala katswiri wosewera mu LPGA.

Mtsikanayu anali wamanyazi kwambiri. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti m'mipikisano ya achinyamata ankaphonya dala pa maenje omaliza pofuna kuti akhale wachiwiri, kaamba koti wopambana ankayenera kuyankhula pamaso pa anthu. Aphunzitsi ake atatulukira chinyengochi analamula kuti wachiwiri nayenso aziyankhula. Njira yothawira itatsekeka chotere, iye anayamba kusewera kuti apambane.

M'chaka cha 1987 analowa m'timu ya dziko la Sweden. Chaka chotsatira, mnzake wa m'dzikolo Liselotte Neumann anapambana mpikisano wa US Women's Open, zomwe zinatsimikizira atsikana a ku Sweden kuti nawonso angathe kukagonjetsa eni dziko ku America. Sörenstam anapita kukaphunzira pa University of Arizona, m'dera lotentha komwe gofu amaseweredwa chaka chonse, kusiyana ndi kwawo komwe mabwalo amakhala otseka m'miyezi ya chisanu. Mu 1991, m'chaka chake choyamba pa sukuluyi, anapambana mpikisano wa ophunzira a sukulu za ukachenjede m'dziko lonse la America. Iye anali munthu woyamba wochokera kunja kwa dzikolo kutenga chikhochi.

Kuyamba kusewera molipidwa

Mu 1992 anasiya sukulu n'kuyamba kusewera molipidwa, koma chiyambi sichinali chophweka. Pa mayeso olowera mu LPGA analephera ndi kumenya kumodzi kokha, choncho chaka cha 1993 anachithera m'mipikisano ya amayi ya ku Ulaya komwe anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wochita bwino koposa. Ulemu womwewo anaulandiranso mu LPGA mu 1994, chaka chomwe anapezanso chikho chake choyamba ku Australia.

Dzina lake linamveka mu July 1995 pamene anapambana US Women's Open ku Colorado Springs. Chikho chake choyamba mu LPGA chinakhala chachikulu pa zonse. Chaka chomwecho anatsogola pa ndalama zopata ku America ndi ku Ulaya komwe, ndipo mu 1996 anateteza chikhocho pa bwalo la Pine Needles atasiya womutsatira ndi kumenya kokwana ka 6.

Mpikisano wake ndi Karrie Webb

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinthu zinasintha. Se Ri Pak wa ku South Korea anatenga ma major awiri mu 1998, ndipo Karrie Webb wa ku Australia anapambana mipikisano 6 mu 1999 ndi ina 7 mu 2000. Sörenstam anapambana kawiri kokha mu 1999. Kuyambira 1997 mpaka 2000 sanatenge major ngakhale imodzi.

Zimene anachita pa nthawiyi ndi zomwe zimamusiyanitsa ndi akatswiri ambiri amene amazilala akangopitiriridwa. Iye anali ndi chizolowezi cholemba pa kompyuta zotsatira za ndime iliyonse yomwe wasewera, ndipo manambalawo anamuonetsa kuti vuto lake lalikulu linali pa kumenya kwa pafupi, kolowetsa kampira m'dzenje. Anathera nthawi yaitali akukonza mbali imeneyi. Anayambanso masewero olimbitsa thupi masiku asanu pa sabata, kuphatikizapo kunyamula zitsulo, zomwe amayi ambiri osewera gofu sankachita m'masiku amenewo. M'zaka zochepa kampira kake kanayamba kugwera patali ndi mayadi oposa 20 kusiyana ndi kale.

Zotsatira zake zinaoneka pa 16 March 2001 pa bwalo la Moon Valley mu mzinda wa Phoenix, pa mpikisano wa Standard Register PING womwe mng'ono wake Charlotta anapambana mu 2000. Sörenstam anapeza birdie pa maenje 8 oyambirira motsatizana, ndipo pomaliza ndimeyo anali ndi ma birdie 13 popanda kupyola par pa dzenje lililonse. Pa bwalo la par 72 iye anamenya ka 59, kukhala mayi woyamba kutsika pansi pa 60 m'mbiri ya LPGA. Mphunzitsi wake wakale m'timu ya dziko, Pia Nilsson, ankaphunzitsa osewera ake kuti n'zotheka kupeza birdie pa dzenje lililonse n'kumaliza ndi 54. Tsiku limenelo wophunzira wake anayandikira maloto amenewa.

Mu 2001 anapambana mipikisano 8 ndipo anakhala mayi woyamba kupata ndalama zoposa madola 2 miliyoni m'chaka chimodzi mu LPGA. Mu 2002 anapambana 11.

Kupikisana ndi amuna

Chinthu chomwe anthu ambiri, ngakhale osatsata gofu, amamukumbukira nacho chinachitika mu May 2003. Okonza mpikisano wa amuna wa Bank of America Colonial, ku Fort Worth m'chigawo cha Texas, anamuitana kuti akasewere nawo, ndipo iye anavomera. Mayi womaliza kusewera mu mpikisano wa bungwe la amuna la PGA Tour anali Babe Zaharias mu 1945, zaka 58 m'mbuyomo.

Nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa. Vijay Singh wa ku Fiji ananena poyera kuti mayiyu sanayenere kupezeka pa mpikisanowo ndipo ankalakalaka kuti atsale pa masiku awiri oyamba. Nick Price wa ku Zimbabwe, yemwe anali mwini chikhocho panthawiyo, anati kuitanako kunali kungofuna kukopa maso a anthu. Ena ankadandaula kuti mwamuna wina yemwe amadalira gofu pa moyo wake alandidwa malo. Nawo amayi ena anali ndi nkhawa yakuti akakachita manyazi, anthu adzapeputsa gofu yonse ya amayi, poti iyeyo ndiye anali katswiri wawo woposa onse.

Sörenstam ankanena kuti cholinga chake chinali kudziyesa yekha pa bwalo lalitali ndi lovuta kuposa omwe anazolowera. Pa 22 May, pamaso pa khwimbi la anthu ndi atolankhani mazanamazana, iye anamenya ka 71 pa bwalo la par 70. Tsiku lachiwiri anamenya ka 74, ndipo anatsala atapyola mlingo ndi kumenya kokwana ka 4. Pa kulunjika kwa kampira anafanana ndi amuna ochita bwino, koma kumenya kwa pafupi ndi dzenje ndi komwe kunamugwetsa. Potuluka m'bwalo anali akugwetsa misozi uku anthu akumuombera m'manja, ndipo sanadzaseweranso mu mpikisano wina wa PGA Tour.

Pa chiwerengero analephera, koma zimene zinatsatira zikusonyeza kuti ulendowo unamulimbitsa. Patangotha masabata awiri anapambana LPGA Championship, ndipo mu August anatenga Women's British Open pa bwalo la Royal Lytham & St Annes ku England. Apa anali atapambanapo ma major onse anayi a nthawiyo. Mu October 2003 dzina lake linalowa m'nyumba yolemekezera akatswiri ya World Golf Hall of Fame. Mwa ma major ake 10, okwana 6 anawapeza atachoka ku Fort Worth.

Zaka zomaliza pa bwalo

Mu 2004 anapambana mipikisano 8 ndipo mu 2005 anapambana 10. Chikho cha LPGA Championship anachitenga zaka zitatu zotsatizana, pomwe cha Mizuno Classic ku Japan anachitenga zaka zisanu zotsatizana kuyambira 2001 mpaka 2005. Bungwe la LPGA linamusankha kukhala wosewera wopambana pa chaka kokwana ka 8.

Mu January 2006 iye ndi Liselotte Neumann anapambanira dziko la Sweden chikho cha Women's World Cup of Golf ku Sun City m'dziko la South Africa. Mwezi wotsatira, ndondomeko yoyika amayi osewera gofu pa mndandanda wa dziko lonse itakhazikitsidwa, dzina loyamba pa nambala 1 linali lake. Mu July chaka chomwecho anagonjetsa Pat Hurst pa ndime yapadera ya maenje 18 n'kutenga US Women's Open kachitatu. Iyi inali major yake yomaliza.

Chaka cha 2007 chinali chovuta kaamba ka kuvulala kwa khosi komwe kunamukhazika pansi kwa masabata angapo. Lorena Ochoa wa ku Mexico anamulanda nambala 1 mu April, ndipo chakacho chinatha osapambana mpikisano uliwonse wa LPGA. Mu 2008 anabwerera mwamphamvu n'kupambana katatu, koma pa 13 May, patangopita masiku awiri chitengereni chikho chake cha 72, analengeza kuti asiya kupikisana chakacho chikatha pofuna kuyamba banja ndi kuyendetsa bizinesi zake. Anali ndi zaka 37. Mpikisano wake wotsiriza unali ku Dubai mu December 2008, ndipo pofika nthawiyo anali atapata ndalama zoposa madola 22 miliyoni mu LPGA.

Atasiya kupikisana

Sörenstam anakwatiwa ndi Mike McGee mu 2009 ndipo ali ndi ana awiri. Bungwe lake la ANNIKA Foundation, lomwe analikhazikitsa mu 2007, limakonza mipikisano ya atsikana m'maiko osiyanasiyana. Mu 2017 anatsogolera timu ya amayi a ku Ulaya pa mpikisano wa Solheim Cup, womwe iye anaseweramo ka 8, koma timuyo inagonja kwa America. Mu January 2021 anakhala pulezidenti wa International Golf Federation, bungwe lomwe limayang'anira gofu pa masewero a Olympic.

Chaka chomwecho, ali ndi zaka 50, analowa mu mpikisano wa amayi achikulire wa US Senior Women's Open, mwamuna wake atamunyamulira chikwama cha ndodo. Anapambana ndi kusiyana kwa kumenya ka 8, ndipo wachiwiri anali Liselotte Neumann yemwe uja.

Mu 2021 momwemo iye ndi Henrik Stenson, mwamuna woyamba wa ku Sweden kupambana major, anatsogolera mpikisano watsopano wa Scandinavian Mixed, momwe amuna ndi amayi ankalimbirana chikho chimodzi ndi ndalama zofanana, ngakhale amayi ankayambira pafupiko. Mu 2022 mpikisanowu unapita kwa Linn Grant wa ku Sweden, yemwe anasiya womutsatira ndi kumenya ka 9 n'kukhala mayi woyamba kupambana mu mpikisano wa bungwe la gofu ya amuna la ku Ulaya.