Kodi Chithunzi cha Gule ndi cha Yani?

Lero tikambirane mbiri ya lamulo loteteza umwini wa zithunzi ndi mavidiyo, chifukwa nkhaniyi yatipeza kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje. Ukwati, chinkhoswe, ngakhale gule akatuluka pa maliro, mafoni amakhala ali m'mwamba. Pofika madzulo zonse zili pa Facebook. Nanga mwini wake ndani?

Funsoli ndi lakale. Mu 1710 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lotchedwa Statute of Anne, lopatsa wolemba buku mphamvu pa buku lake kwa zaka 14. Mu 1886 mayiko angapo anasainirana pangano mu mzinda wa Berne kuti ntchito ya munthu izitetezedwa ngakhale ikaoloka malire. Masiku ano panganoli limati umwini umayamba pomwe ntchito yapangidwa, popanda kukalembetsa ku ofesi iliyonse.

Ife tinachedwerapo. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lathu la umwini mu 1989, Malawi analowa pangano la Berne mu 1991, ndipo mu 1992 bungwe la COSOMA linayamba ntchito. Akuluakulu mukukumbukira kachizindikiro komwe ankamata pa makaseti posonyeza kuti ndi enieni. Nthawi imeneyo wakuba ankaoneka, poti amayala katundu wake pamsika. Koma atabwera ma CD, kenaka mamemore khadi, nyimbo ndi mafilimu mazanamazana zinayamba kukwana m'kanthu kochepa ngati chikhadabo. Mu 2016 panabwera lamulo latsopano, limene linatsegula njira yodulira kandalama pa zipangizo zosungiramo zinthu kuti eni luso azipezako kenakake.

Mfundo imene imatikhudza kwambiri ife Achewa ndi iyi: lamulo la 1989 linanena kuti zachikhalidwe, monga magule, nthano ndi nyimbo za makolo, umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a m'Malawi, ndipo wofuna kupanga nazo malonda ayambe wapempha chilolezo. Choncho vidiyo ya gule ili ndi mbali ziwiri. Luso lojambula ndi la wojambulayo, koma gule amene wajambulidwayo si wake.

Mbiri imatichenjezanso. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayendayenda mu Nyasaland kujambula nyimbo za m'midzi. Nyimbozo zinasungidwa bwino, koma zili ku South Africa, ku laibulale imene iye anayambitsa mu 1954, yomwe tsopano ili pa Rhodes University. Wosunga ndiye amakhala ndi kiyi. Yerekezani ndi ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo zomwe anasonkhanitsa zinakhala pakati pa eni ake. Bungwe la UNESCO litalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, maso a dziko lonse analoza kuno, ndipo ofuna zithunzi anachuluka.

Pa intaneti vuto ndi kuchuluka. Palibe munthu angalondere zithunzi zikwizikwi payekha. N'chifukwa chake YouTube, yomwe inayamba mu 2005, inakonza makina otchedwa Content ID mu 2007. Mwini amapereka vidiyo yake, kompyuta n'kumaiyerekeza ndi iliyonse imene ena akuikapo. Koma makinawa amathandiza kwambiri makampani akuluakulu. Wojambula wa pa Mitundu amangodalira fomu yodandaulira, njira imene inachokera ku lamulo la ku America la 1998, ndipo amafunika umboni woti ntchitoyo ndi yakedi.

Ndiye titani? Ana anga amene mukudya za kamera, sungani chithunzi choyambirira pamalo awiri osiyana, pamodzi ndi tsiku limene munajambula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dindani dzina lanu pa zimene mukuika pa intaneti. Musanajambule ukwati, lemberanani ndi eni ake pa pepala kuti ndani ali ndi ufulu wofalitsa. Musanaloze kamera pabwalo la gule, pemphani kwa amfumu ndi akuluakulu a mzinda, ndipo akakana mverani.

Aphunzitsi anzanga, sukulu zathu nazonso zili ndi zithunzi za zaka zambiri m'makabati ndi m'mafoni. Tizilembe m'kaundula: anajambula ndani, chaka chanji, analola ndani. Tikapanda kutero, zidzukulu zathu zidzagula mbiri ya kwawo kwa alendo.