Chigodola

Ambiri nkhumba ikangofooka amathamangira kunena kuti ndi chigodola, pamene mwina ndi njoka za m'mimba chabe. Mawuwa amachokera ku mneni kugodola, kugwetsa chinthu pochifoola miyendo, ndipo nkhumba yodwala imaterodi, kudzandira kenako kugwa.

Chigodola chenicheni ndi nthenda ya vayirasi, yopanda mankhwala. Mukapita kukhola m'mawa n'kupeza nkhumba zakana gaga, thupi latentha, makutu ndi kumimba kwafiira, zina zafa kale, apo dzina loti chigodola likuyenera. Itanani alangizi a ziweto adzatenge magazi akayeze.

Chonde musagulitse nyama ya nkhumba zodwalazo. Munthu sadwala nayo, koma imafalitsa nthendayi, monganso nkhufi, nsapato za alendo ndi zotsala zakukhitchini. Zakufazo zikwirireni mozama.