Fungo la Mitengo ndi Mbiri Yake

Aliyense wokhala ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Kabudula amalidziwa fungo la bulugamu. Mwana akagwidwa ndi chimfine, mayi amathothola masamba ake, nawawiritsa mu mphika, namufunditsa bulangete kuti apume nthunzi. Koma mtengowu ndi mlendo kwathu kuno. Kwawo ndi ku Australia, ndipo chimene chinaufalitsa m'maiko ambiri zaka za m'ma 1800 si milimo ya zigafa za fodya ayi, koma mbiri yakuti fungo lake limapirikitsa malungo.

Masiku amenewo azungu ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Dzina lakuti malaria m'Chitaliyana likutanthauza zomwezo. Mu 1868 amonke a chipani cha Trappist analowa m'nyumba yakale ya Tre Fontane, kufupi ndi Roma, malo a zithaphwi amene anthu anawathawa chifukwa cha matenda. Iwo anabzala bulugamu wambirimbiri kuti akonze mpweya. Mitengo inamwa madzi, nthaka inaumako, koma malungo sanathe. Mu 1897 Ronald Ross anapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo mpweya unapezeka wosalakwa.

Kodi tsono fungolo n'lachabe? Iyayi. Mu 1928 Boris Tokin, katswiri wa ku Russia, anaona kuti zomera zimatulutsa timafuta touluka m'mpweya todzitetezera ku tizilombo ndi nkhungu, ndipo pambuyo pake anatitcha phytoncide. Paini amatulutsa pinene, bulugamu amatulutsa cineole, ndipo ndi timeneti timene mphuno zathu zimamva dzuwa likawomba mvula itangokata. Mtengo suchita zimenezi pofuna kutisangalatsa ife. Ukudzimenyera nkhondo wokha, ife tingopezerapo mwayi.

Mu 1982 boma la Japan linayamba kulimbikitsa anthu a m'mizinda kukayenda m'nkhalango, mwambo umene amautcha shinrin-yoku, ndiye kuti kusamba m'nkhalango. Kuyambira cha m'ma 2005 Dokotala Qing Li wa ku Tokyo anayesa magazi a anthu amene anakhala masiku atatu pakati pa mitengo, napeza kuti asilikali ena a m'thupi anachuluka ndi kulimba. Anthu oyesedwawo anali ochepa, ndipo wotsokomola kwa masabata awiri ayenera kupita ku chipatala, osati ku thengo. Nkhani ya Tre Fontane ikutikumbutsa kusafulumira kutcha fungo kuti mankhwala.

Ife nkhalango tili nayo pafupi. Dzalanyama, kumene mwambo wa Achewa umati anthu oyamba anasiya mapazi awo pa thanthwe la Kaphirintiwa, inaikidwa m'manja mwa boma mu 1922 kuti itetezedwe. Ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa likulu la dziko lino. Mpweya wa m'mitengo yake ya mombo, tsamba ndi msuku makolo athu ankaupuma kwaulere pofula uchi ndi pozula bowa, osadziwa dzina la Tokin.

Pofika 2015 kuotcha makala kunakula kotero kuti boma linatumizako asilikali a nkhondo kukalondera mitengo. Woyenda m'mbali zina za nkhalangoyo lero amamva utsi wa mauvuni a makala asanamve fungo la masamba. M'midzi yambiri ya kuno kwathu mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kumene mwambo uletsa nkhwangwa, ndipo kumeneko munthu sapitako kukapitidwa mphepo.