Foni ndi Nsalu: Chibale cha Zaka Mazana Awiri

Tikamalondola makolo a foni yomwe ili m'thumba mwathumu, njira imatifikitsa kwa owomba nsalu. Mu 1804, mumzinda wa Lyon ku France, Joseph Marie Jacquard adakonza makina owombera nsalu za silika omwe ankatsogozedwa ndi makadi obowola, olumikizidwa ngati unyolo. Pomwe panali bowo ulusi unkakwera, pomwe panalibe unkatsala pansi, ndipo maluwa ankatuluka pansalu popanda mnyamata wokoka zingwe monga zinkakhalira kale. Nzeru iyi ya "pali kapena palibe" ndi yomwe kompyuta imayendera mpaka lero, kungoti tsopano imalembedwa 1 ndi 0.

Mu 1839 amisiri a ku Lyon adawomba chithunzi cha Jacquard mwiniwakeyo pogwiritsa ntchito makadi 24,000. Chimodzi mwa zithunzizi chidafika m'nyumba ya Charles Babbage ku London, yemwe panthawiyo ankalingalira za makina owerengetsera masamu, ndipo iye anali atasankha kale kuti makinawo azilamulidwa ndi makadi omwewo. Ada Lovelace, polongosola ntchitoyi mu 1843, adaifanizira ndi kuwomba nsalu. Makina a Babbage sadamalizidwe, koma khadi lobowola silidafe. Herman Hollerith adawerengera nalo anthu pa kalembera wa ku America wa 1890, ndipo kampani yake idadzakhala gawo la yomwe idatchedwa IBM mu 1924.

Pali china chomwe mabuku ambiri amachidumpha. Malangizo a kompyuta yomwe idatsogolera chombo cha Apollo kumwezi mu 1969 adachita kulukidwa ndi manja. Amayi a pafakitale ya Raytheon ku Massachusetts ankalowetsa waya m'timphete ting'onoting'ono monga ulusi pasingano: waya ukadutsa m'kati ndiye 1, ukalambalala ndiye 0. Kulakwitsa kamphete kamodzi kukadaika miyoyo ya anthu pachiswe.

Foni ya m'manja itafala, okonza zovala adafuna kubweza mwanayu kwawo kunsalu. Mu 2000 kampani za Levi's ndi Philips zidatulutsa jekete lokhala ndi foni, kachipangizo koimbira nyimbo ndi mawaya osokeredwa m'kati. Lidagulidwa ndi ochepa. Mu 2015 Google idalengeza ntchito yowomba ulusi wodutsa magetsi, n'kuitcha dzina la Jacquard pokumbukira gogo uja wa ku Lyon. Patapita zaka ziwiri padatuluka jekete la madola 350 lomwe munthu ankangosisita mkono wake kuti ayankhe foni. Eni ake adachenjeza kuti lisachapidwe kopitirira kakhumi, ndipo mu 2023 pulogalamu yoliyendetsa idatsekedwa, jekete n'kusanduka jekete wamba.

Ife tikuona kuti vuto silidali la luso. Chovala ndi foni sizikalamba limodzi. Chovala chimachapidwa, kuyanikidwa padzuwa, kuikidwa chigamba, kusiyidwira mng'ono, mwinanso kuwoloka nyanja n'kudzapeza mwini watsopano pa kaunjika. Foni ikangotha zaka zochepa batire imafooka ndipo oipanga amaisiya. Telala aliyense wa pakhonde akadawauza zimenezi kwaulere.

Ena adalowera kwina. Mu 2014 wokonza zovala wa ku Japan, Kunihiko Morinaga, adasoka zovala za nsalu yotchinga mafunde a foni, kuti ukaiponya m'thumba isalandire uthenga ngakhale umodzi. Apa chovala chidabwerera kuntchito yake yakale yotchinjiriza munthu, koma mdani sadalinso mphepo kapena dzuwa. Aliyense yemwe adamvapo nyimbo ikulira m'thumba la kanzu pakati pa Swala ya Ijumaa, mwini wake ali pa sijida osatha kuizimitsa, angavomereze kuti mkuluyu adaona patali. Komabe n'zomvetsa chisoni kuti tifunike nsalu yapadera pa chinthu chomwe chala chimodzi chikadachita pakhomo la mzikiti.

Chomwe chapambana pamapeto pake ndi thumba. Foni zitayamba kukula iPhone itatuluka mu 2007, matumba ambiri, makamaka a zovala za amayi, adaoneka kuchepa. Amayi athu kuno sadadikire akatswiri: foni idalowa pamfundo ya chitenje pomwe kale pankakhala makobidi, kapena m'kachikwama kolendewera m'khosi. Mu Novembala 2025 Apple ndi nyumba yokonza zovala ya Issey Miyake, yomwe woiyambitsa ndiye ankasokera Steve Jobs malaya akuda aja, zidatulutsa iPhone Pocket. Ndi kathumba koluka kokoleka paphewa, kopanda waya, kopanda batire, ndipo kachingwe chachitali kadaikidwa mtengo wa madola pafupifupi 230.